Kukatsutsa Filimu ku Lusaka

Bambo anga si munthu wokonda maulendo. Kuwachotsa pakhonde pawo ku Kawale kuti tipite kuchipatala kokha imakhala nkhondo. Ndiye atandiimbira foni Lachitatu masana kuti, "Tamanda, longedza chikwama, mawa tikupita ku Lusaka," ine ndinayesa kuti kwagwa maliro.

Sanali maliro ayi. Inali filimu.

Mnzawo wina wa kutchalitchi anawaonetsa pafoni kachidutswa ka filimu yatsopano ya ku Zambia, yokamba za mipikisano yakale ya magalimoto, ija ankathamangira m'misewu ya fumbi. Bambo anabadwira ku Katete, ndipo pa unyamata wawo anali makaniko ku Lusaka. Mwini galaja ndiye ankawapatsa galimoto yopikisanira. Ife ana tinkazidziwa pamwambamwamba chifukwa sankakonda kuzikamba. Tinkangodziwa kuti mnzawo wapamtima, a Geresomu Njobvu, anafa pa mpikisano wina, ndipo maliro atatha bambo anawoloka malire kubwera ku Lilongwe osabwererakonso.

M'kachidutswako magalimoto awiri akuthamanga mogundana. Imodzi ikugubuduzika. Dalaivala wa inayo akumuyang'ana mnzake ali magazi okhaokha, kenaka akuponda mafuta n'kudutsa. Pachitseko cha galimoto yodutsayo analembapo dzina loti Sakala, dzina lathu. Wopanga filimuyo ndi Mabvuto, mwana wa malemu Geresomu, amene anabadwa bambo ake atayikidwa kale m'manda. Kumapeto analemba kuti filimu yonse aionetsa koyamba Loweruka masana mu holo ina ku Longacres, mu Lusaka.

"Ine Geresomu sindinamudutse," anatero bambo nditafika kunyumba. "Mwanayo amve zimenezi kuchokera pakamwa panga, ndipo achotsemo bodza limenelo anthu asanalione."

"Bwanji osangofufuza nambala yake n'kumuimbira, adadi?"

"Nkhani ya imfa sakamba pafoni."

Ndinawadziwa kuti akatero atero. Ndinapempha tchuthi kuntchito ndi bodza langa langa, n'kukalongedza.

Lachinayi m'mawa tinakwera minibasi ya ku Mchinji itatsala pang'ono kudzaza. Kani theka la anthuwo anali oikidwa dala kuti atikope. Aliyense wokwera weniweni akalowa, wina ankatsika mwakachetechete ngati waiwala kanthu. Bambo anali atavala jekete lawo la Lamulungu, kunja kukutentha, ndipo wotchi ankaiyang'ana ngati ithawa. Titanyamuka, minibasi inaima pa Namitete, inaimanso pa Kamwendo, inaima paliponse pamene munthu wakweza mkono ngakhale akungodzikanda. Ine ndi mtima wanga wapachala ndinakangana ndi kondakitala kawiri tisanafike ku Mchinji.

Pamalire ndiye anandichititsa manyazi. Mayi wodinda mapasipoti anangofunsa mwachizolowezi, maso ali pakompyuta, kuti, "Mukukatani ku Zambia, bambo?"

"Ndikukatsutsa filimu."

Mayiyo anadzutsa mutu. Bambo anali atayamba kale kuika manja awiri pathabwa la pawindo, lina kutsogolo lina kumbuyo, kuti aonetse mmene magalimoto ankanyamukira. Mzere kumbuyo kwathu unali utafika pakhomo.

"Tikukaona abale, mayi," ndinatero ine, uku ndikuwaponda phazi. Anatidindira akupukusa mutu.

Kuchokera pamenepo tinalowa mu takisi ya ku Chipata, anayi kumbuyo, awiri pampando wakutsogolo. Bambo anawakhazika pafupi ndi giya, moti dalaivala akafuna kusintha ankayamba wawakankha bondo. Njira yonse bambo ankamuuza kuti kalachi ya galimotoyo akuipha ndi kasinthidwe kake ka giya. Tinagona kwa msuweni wawo ku Kapata, mu Chipata momwemo, ngakhale iwo sindikhulupirira kuti anagona. M'mamawa ndinawapeza atavala kale nsapato.

Basi ya ku Lusaka inanyamuka kukungocha. Ine ndinakhala kuwindo, bambo pakati, ndipo kumbali kwawo kunakhala mayi wonenepa wamalonda a zitenje amene anatiuza kuti ndi ba Mwape, kwawo ku Luapula koma akhala mu Lusaka zaka zambiri. Tisanafike n'komwe pa Katete tinali titadziwa kale za ana awo onse ndi mpongozi wawo waulesi. Pa Katete ndinayembekeza kuti bambo asuzumira kuona kwawo. Anangoyang'ana kamodzi n'kufunsa kondakitala chifukwa chimene taimira.

Tsoka ilo, titadutsa Sinda kondakitala anayatsa kanema wa m'basi, ndipo filimu imene anaika inali ya azungu othamangitsa magalimoto. Ndinangoti, Ambuye, lero tiona.

Bambo anapirira pang'ono chabe.

"Taonani! Wasinthanso giya! Galimoto imeneyi ili ndi magiya angati? Chiyambire akungokweza, osatsitsa!"

"Adadi, anthu akuonera."

"Nanga uyo akuyang'ana mnzake pawindo m'malo moyang'ana msewu? Pa liwiro limenelo? Ukangochotsa diso pamsewu, wapita! Aa, yaphulika. Galimoto kungogunda mpanda basi yaphulika ngati ya mabomba. Ine ndaona magalimoto ambiri akugubuduzika, palibe inaphulika. Imangogona chagada, matayala akuzungulira, kenaka zii."

Ba Mwape anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ba tate, ni filimu chabe! Ngati baonesa mwamene vinachitikila zoona, nindani azaonelela? Ise tifuna moto, tifuna muntu woipa, tifuna wabwino awine. Apo tagona bwino."

"Nanga woipayo akakhala munthu weniweni, wamoyo, wa ana ndi zidzukulu?"

"Ah, uyo ni tsoka yake," anatero ba Mwape, osadziwa kuti akuponda pachilonda.

Pa Nyimba tinagula nthochi pawindo. Titayamba kukwera mapiri a ku Kacholola basi inayamba kutsokomola, kenaka pa chitunda china inangoti zii. Dalaivala anaikokera pambali, kondakitala anathamanga kukaika miyala kumatayala ndi nthambi pamsewu. Tonse tinatsika. Kutentha kwake kunali kwa m'chigwa, mphepo yomwe yotentha.

Bambo anavula jekete, kundipatsa, n'kupinda manja a malaya. Ndinawaona akuyenda monyadira kupita kumbuyo kwa basi kumene kuli injini. Sanachedweko. Anabwerera manja ali oyera.

"Akuti vuto lake limaoneka ndi kompyuta. Akudikira munthu wochokera ku Petauke." Anakhala pamwala. "Magalimoto a masiku ano sawamvetsera ndi khutu."

Ndiye tinadikira. Dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kupendeka. Kondakitala tikamufunsa ankangoti, "Ali pafupi, manje manje afika." Manje manje ameneyu ndinadana naye moyo wanga wonse. Ndinayenda kukwera chitunda, kutsika, kukweranso, kufuna netiweki imene kunalibe. Malole ankatidutsa akulira ngati ng'ombe. Ena anakwera malolewo, koma bambo ndi mawondo awo sakanatha. Mumtima ndinkangoti tikagona pano, Loweruka litipeza panjira, ndipo munthu wamkuluyu adzafa ndi chinthu chimenechi pakhosi.

Pansi pa mtengo, tikudya nthochi zija, ba Mwape anafunsa chimene chinawakwiyitsa m'basi. Bambo anatola timiyala n'kutindandalika pansi. Zimene anakamba pamenepo nanenso ndinali ndisanazimvepo.

"Mpikisano wathu sunali wothamanga pamodzi ngati mahatchi," anatero. "Galimoto imanyamuka yokha. Papite mphindi zingapo, inyamuke ina. Umalimbana ndi wotchi. Mnzako sumuona nkhope, ukaona kanthu ndi fumbi lake basi. Tsiku limenelo ine ndinanyamuka patsogolo, Geresomu pambuyo panga. Tsono ndiuzeni, mayi, munthu ali kumbuyo kwako umamudutsa bwanji?"

Ba Mwape anasiya kutafuna.

"Ndinafika pomalizira chigawo chimenecho, ndinadikira. Amene ananyamuka pambuyo pa Geresomu anafika, iye osafika. Ndikawafunsa, akuti sitinaone kanthu. Ndinadziwa kuti wagwera penapake posaoneka. Tsono pali lamulo limodzi limene ngakhale wamisala ankaliopa: subwerera ndi galimoto mumsewu wa mpikisano, chifukwa ukhoza kuwombana ndi amene akubwera. Ukabwerera akuchotsa. Ine ndinabwerera."

Bambo anamupeza m'khwawa, muudzu wautali, galimoto itagona chagada. Mnzake wokhala naye m'galimoto, womuwerengera njira, anali atangokalika, koma Geresomu chifuwa chinali chitaphwanyika ndi chiwongolero. Galimoto ya mpikisano ili ndi mipando iwiri yokha, kumbuyo n'zitsulo ndi tayala. Bambo anatsitsa wowerenga njira wawo, anamusiya patchire pomwepo ndi mnzake uja, n'kumangirira Geresomu pampando umenewo kuthamangira naye kuchipatala cha mishoni. Anafika naye atazizira kale.

"Mayo!" anatero ba Mwape, manja ali pamutu. "Manje mukazi wake aziba ivi?"

"Akudziwa. Anthu anamuuza."

"Imwe munamuuza mweka?"

Bambo anasesa timiyala tija ndi phazi. Ine ndinaona kuti funsolo lawalasa.

Munthu wa kompyuta anafika pa njinga yamoto, analumikiza kachingwe, anasintha kanthu kakang'ono ngati chala, basi inalira. Anthu anaomba m'manja, bambo anangofwenthera kumbali. Pa mlatho wa Luangwa tinaimanso, apolisi kuyang'ana katundu, anthu kugula nsomba zouma ndi madengu ngati palibe amene akufulumira. Ine ndinkatsala pang'ono kulira ndi ukali. Rufunsa ndi Chongwe ndinangoziona m'tulo. Ba Mwape anandidzutsa dzuwa likulowa kuti, "Iyi ni Chelstone, mwafika mu Lusaka," koma kuchokera pamenepo kukafika ku siteshoni magalimoto anali atathinana moti woyenda pansi ankatipitirira. Tinasiyana ndi ba Mwape pa siteshoni atawagwira bambo dzanja nthawi yaitali. Tinakagona kwa mwana wa msuweni uja ku Emmasdale.

Loweruka tinalawirira ku Kabwata, kumene bambo anati ndi kwa amake Mabvuto, mkazi wa malemu. Ndinawafunsa ngati akutsimikiza kuti akadali komweko. Anati nyumba akuidziwa ngati chikhatho chawo, ili ndi mtengo wa mango pakhomo. Titafika tinapeza nyumba iliyonse ili mumpanda wa njerwa, ndipo mitengo ya mango ikusuzumira pafupifupi pampanda uliwonse. Tinazungulira, tinagogoda mageti olakwika, agalu anatiuwa. Nditatopa ndinawasiya n'kukafunsa agogo ena ogulitsa tomato pangodya.

"Amake Mabvuto? Uja mwamuna wake anafa na motoka? Anachoka kudala! Ali ku Chelstone, pafupi na tanki ya manzi. Mukafunse pa chechi."

Ku Chelstone! Kumene tinadutsa dzulo lake! Ndinawayang'ana bambo.

"Safunsa anadya phula, adadi."

"Tiye, usandiphunzitse miyambi."

Tinabwerera m'tauni, tinasaka minibasi ya ku Chelstone pakati pa anyamata oitanira amene ankatikoka uyu uku uyu uko, tinakhalanso kudikira kuti idzaze. Bambo tsopano sankayang'ananso wotchi. Ankangonong'ona okha, kubwereza mawu amene akanene, chala chikuloza mpando wakutsogolo. Pamene tinapeza nyumbayo dzuwa linali pamutu, ndipo pakhomo panali galimoto yoyera, injini ikulira.

Pakhonde panaima mayi wachikulire, wamfupi, atavala chitenje chatsopano ndi duku lofanana. Mwamuna wa imvi zapatalipatali ankawathandiza kutsika masitepe. Bambo anaima pageti ngati aona mzukwa. Pambuyo pake anandiuza kuti mwamunayo, Mabvuto, anali ngati Geresomu yemwe, kuyambira mphumi mpaka kayendedwe.

"Odi, alamu," anatero, mawu atatsika.

Mayiwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "A Sakala," anatero. "Mwakalamba."

Mabvuto anasiya dzanja la amake. Anazima galimoto, tinalowa m'nyumba, tinakhala. Moni anali wamfupi. Bambo anayamba zimene anakonzekera njira yonse, za kunyamuka mmodzimmodzi, za wotchi, za fumbi, koma zinatuluka mosokonekera, kutsogolo kumbuyo. Pomaliza anangoti, "Mwanawe, ine atate ako sindinawadutse. Ndinabwerera kukawatenga. Anafera pampando wa galimoto yanga. Chotsamo chinthu chija."

Mabvuto anatembenukira kwa amake. "Amama, ni zoona?"

"Ni zoona."

"Munaziba?"

"Ninaziba kuchokera tsiku lomwelo."

"Nanga bwanji simunaniuze? Nakhala zaka nikufunsa bantu, mapepala kulibe, vitunzi kulibe, bonse benangu banafa. Imwe munakamba kuti a Sakala anatisiya!"

"Unanifunsa kuti a Sakala anali muntu wabwanji. Ninakuyankha. Vinangu unaikamo weka." Kenaka anatembenukira kwa bambo, ndipo anayankhula Chichewa cha kwawo ku Katete, pang'onopang'ono. "Alamu, inu munali naye pomaliza. Ine ndinali ndi pakati. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha woti andiuze ngati anavutika, ngati ananena kanthu, ngati ananditchula. Pamaliro munakhala kutali. M'mawa mwake ndinatuma mwana kugalaja, akuti mwapita ku Malawi. Ndinadikira kalata. Ndinadikira mpaka uyu anayamba kumera ndevu. Lero mwabwera chifukwa dzina lanu lalembedwa pachitseko cha galimoto."

Ine ndinabwera wokonzeka kumenyera bambo anga nkhondo, koma mayiwo ankanena zoona. Ndinawamvera chisoni, ndipo nthawi yomweyo ndinawakwiyira.

Bambo anatsika pampando, ndi mawondo awo ovutawo, n'kugwada pasimenti. "Ndinkaopa nkhope yanu, alamu. Ndinamutenga wamoyo, ndinafika naye wakufa. Ndinalibe mawu."

"Mawu ake ndi omwewo. Mukananena omwewo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ananditchula?"

"Anakutchulani. Anati ndikuuzeni kuti musadandaule, afika mochedwa pang'ono. Sankadziwa kuti akufa. Kenaka anangokhala ngati wagona."

Mayiwo anagwedeza mutu kangapo. Sanalire mokweza. Mabvuto ndiye anatuluka panja, ndipo tinamumva akumina kuseri kwa nyumba. Foni yake inali ikungolira pathebulo. Atabwerera anati, "Ba Sakala, siningachosemo kantu manje. Bantu bayamba kufika ku holo. Filimu ili mwamene ilili." Amake Mabvuto anawadzutsa bambo pasimenti paja, n'kunena kuti tonse tikwere galimoto.

Ku Longacres holo inali itadzaza, anthu ovala bwino, mafoni m'mwamba. Anatikhazika kutsogolo, bambo pakati pa ine ndi amake Mabvuto. Asanazime magetsi Mabvuto anaima ndi chimkuzamawu. Anathokoza amene anayenera kuthokozedwa, kenaka anati mufilimuyi muona munthu akudutsa atate anga atagwa, zimenezo sizinachitike, ndazidziwa lero lomwe, munthuyo anabwerera kukawatenga ndipo ali pano. Anthu anang'ung'udza, ena anadzuka kuti aone. Bambo sanatembenuke.

Filimu inayamba. Kunena zoona inali yokoma, ndipo anthu ankakuwa magalimoto akamagundana. Bambo ankangopumira m'mwamba. Kamodzi kokha anandinong'oneza kuti zisoti zimenezo kunalibe nthawi imeneyo. Kenaka inafika mbali ija. Galimoto inagubuduzika, inayaka moto, ndipo ya dzina lathu inayamba kuyandikira pang'onopang'ono, dalaivala akutsitsa galasi kuti ayang'ane. Bambo anagwira mikono ya mpando n'kuyamba kudzuka kuti atuluke.

Amake Mabvuto anawagwira pamkono, maso awo osachoka pa kanema.

"Khalani pansi, alamu," anatero. "Ine ndakhala nazo zaka zonsezi. Inu khalani nazo mpaka ithe."

Bambo anakhala.